Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha

Mwambi wakuti "tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha" umanenedwa kwa munthu amene wayang'anizana ndi ntchito yoposa msinkhu wake, mtima n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ena amati "n'kulumpha", koma tanthauzo ndi lomwelo: ntchito yaikulu imatha ndi timphamvu tating'ono tobwerezabwereza, malinga munthuyo asaleke.

Tsokonombwe ndi mtundu wa chiwala, wojintcha thupi, wa khungu lokhakhala, ndipo maonekedwe ake amafanana ndi dothi moti munthu angamuponde osamuona. Dzombe limauluka ndi mphepo n'kudutsa maboma angapo. Bwannoni amatulukira usiku n'kuunjikana pamagetsi. Tsokonombwe alibe mwayi wa mapiko otere. Ana oweta mbuzi m'madambo a ku Nsaru ndi ku Kabudula amamudziwa bwino: ukamugunda ndi kamtengo amadumpha kamodzi, n'kutera chapomwepo, n'kukhala phee ngati waiwala za ulendo, kenako n'kudumphanso. Makolo adasiya nyama zaliwiro monga kalulu ndi gwape n'kusankha kachilombo kameneka, chifukwa womvera mwambiwu nthawi zambiri amakhala munthu wodziona kuti ndi wopereweredwa. Kumuuza za gwape kungamuwonjezere chisoni. Akamva za tsokonombwe amasowa chowiringula, pakuti ngakhale wofooka chotani amamuposa.

Mawu a mwambiwu ndi anayi okha, koma awiri mwa iwo ndi ofunika kuwaonetsetsa. Mneni wakuti "adatha" akukamba chinthu chochitika kale. Mwambiwu sulonjeza kuti tsokonombwe adzafika, ukuchitira umboni kuti adafika, monga momwe mkulu amanenera zimene adaona ndi maso ake. Mawu akuti "n'kudumpha" ndi chidule cha "ndi kudumpha", ndipo akutchula chida chimene chidagwira ntchitoyo, ngati mmene timanenera kuti adalima ndi khasu. Chida chake chinali chomwecho chimene anthu amamuseka nacho.

M'midzi ya kuzambwe kwa Lilongwe mwambiwu umamveka kwambiri pa ntchito za manja. Mnyamata akapatsidwa ndime yaikulu m'mwezi wa Okutobala, dothi litauma gwaa, amaima n'kuyang'ana kumathero kwa munda. Agogo ake amamuuza kuti, "Mdzukulu wanga, maso akhale pa mzere uli pakhasupo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha." Woumba njerwa ndi chikombole cha njerwa ziwiri amaumva pamene uvuni ukufuna zikwizikwi. Osoka fodya m'chigafa, othothola mtedza, mayi woponya masheya ang'onoang'ono ku banki m'khonde kuti adzagule malata, onsewa ndi eni ake mwambiwu. Uli ndi abale ake, koma sufanana nawo ndendende. "Pang'onopang'ono ndi mtolo" umakamba za kuunjika zinthu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha" umayamikira kudikira osapupuluma. Wa tsokonombwe ndi wa munthu amene ali paulendo, thupi likuwawa, ndipo chofunika kwa iye ndi kunyamulanso phazi.

Pa masewero onse, amene amaonetsa mwambiwu poyera ndi mpikisano wothamanga wa marathoni. Mtunda wake ndi makilomita 42.195, muyeso umene udachokera ku masewero a Olimpiki a ku London mu 1908. Kwa munthu wa ku Namitete, kumeneku ndi kunyamuka pamsika, kutsata msewu wa Mchinji kulowera kum'mawa, kudutsa Msundwe, Mpingu ndi Chitedze, n'kukayandikira mzinda wa Lilongwe ndi miyendo yokha. M'maiko ambiri ophunzira amathamanga mtunda wotere pofuna kupeza ndalama zothandizira kafukufuku wa matenda a khansa. Amalengeza cholinga chawo, anthu amalonjeza kupereka kangachepe, ndipo thukuta la wothamangayo limakhala ngati chikole cha pempho lake. Amene adatchukitsa kwambiri mchitidwewu ndi Terry Fox wa ku Canada, ndipo mbiri yake imagwirizana ndi mwambi wa tsokonombwe mpaka pa kayendedwe kenikeni.

Fox adabadwa pa 28 Julaye 1958 ku Winnipeg n'kukulira ku Port Coquitlam, m'chigawo cha British Columbia. Ankakonda masewero, makamaka basketball, ndipo ankaphunzira pa yunivesite ya Simon Fraser. Mu 1977, ali ndi zaka 18, ululu wa bondo lake lamanja udakula. Madokotala adapeza khansa ya m'mafupa yotchedwa osteosarcoma, ndipo mwendowo adaudula pamwamba pa bondo. Adamuuza kuti mwayi wake wochira unali pafupifupi theka, pomwe zaka ziwiri zokha m'mbuyomo ukadakhala 15 pa 100 alionse. Kusiyana kumeneku kudabwera ndi mankhwala atsopano opezeka m'kafukufuku, ndipo mnyamatayo adakusunga mumtima. Adalandira mankhwala a khansa kwa miyezi 16. M'chipatalamo adaona anzake, ena ana aang'ono, akuvutika ndi kumwalira, ndipo adatuluka ndi maganizo akuti ndalama zopita ku kafukufuku zinali zochepa kwambiri.

Adaganiza zothamanga kudutsa dziko lonse la Canada, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000. Adakonzekera kwa miyezi 14. Mwendo woikirira wa masiku amenewo unkachedwa kubwerera kutsogolo munthu akamathamanga, choncho Fox ankadumpha kawiri ndi mwendo wamanzere pamene woikirirawo waponda kamodzi. Amene adaonapo zithunzi zake za kanema saiwala kathamangidwe kameneko: dumphu, dumphu, kenako kuponya mwendo wachitsulo, mapewa akugwedezeka, nkhope itakwinyika. Pampikisano wina wa ku Prince George mu 1979 adafika womaliza, koma adafika.

Pa 12 Epulo 1980 adaviika mwendo wake woikirira m'nyanja ya Atlantic ku St. John's, Newfoundland, n'kuyamba ulendo umene adautcha Marathon of Hope, kutanthauza marathoni ya chiyembekezo. Mnzake Doug Alward ankamutsatira ndi galimoto momwe ankagona, ndipo pambuyo pake mng'ono wake Darrell adabwera kudzathandiza. Ankadzuka kusanache n'kuyambira pamene adalekezera dzulo lake. Tsiku lililonse lothamanga ankatha pafupifupi makilomita 42, ndiye kuti marathoni yathunthu, mawa lakenso chimodzimodzi. Sankauganiza mtunda wonse nthawi imodzi. Ankaudula m'zidutswa zooneka ndi maso, kuti afike pachikwangwani icho, kenako pokhota apo. Chitsa cha mwendo wodulidwa chinkatupa ndi kutuluka magazi. Masabata oyamba anali a mphepo, mvula ndi kuzizira, anthu m'misewu anali ochepa, ndipo ku Quebec madalaivala ena ankamukankhira kunja kwa msewu.

Ndalama nazonso zidayenda modumpha. Tauni ya Port aux Basques, ya anthu pafupifupi 10,000, idasonkha madola oposa 10,000. Pamenepo Fox adakweza cholinga chake: dola imodzi kuchokera kwa munthu aliyense wa ku Canada, dziko limene panthawiyo linali ndi anthu 24 miliyoni. Nzeru yake inali yakuti dola imodzi ndi ndalama imene mwana wasukulu ndi nkhalamba yomwe angathe kupereka popanda kugona ndi njala. Pofika ku Ontario makamu a anthu ankamuyembekezera m'misewu, ena akuthamanga naye, ena akuponya ndalama m'zipewa ndi m'zitini.

Pa 1 Seputembala 1980, pafupi ndi mzinda wa Thunder Bay, chifuwa ndi ululu wa pamtima zidamuimitsa. Anali atathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143, mtunda woposa kasanu kutalika kwa dziko la Malawi. Khansa inali itafalikira m'mapapo. Adamwalira pa 28 Juni 1981, mwezi umodzi asanakwanitse zaka 23.

Apa mwambiwu umayesedwa, chifukwa wofunsa angati: nanga adatha mtunda uti, poti ku nyanja ya Pacific, kumene ankalinga, sadafikeko? Funsoli ndi loyenera, ndipo kulizemba ndi kunamiza womvera. Mwambi wa tsokonombwe sutsimikizira kuti aliyense wolimbikira adzafika komwe walinga. Matenda, imfa ndi umphawi zimadula maulendo a anthu akhama tsiku ndi tsiku. Chimene mwambiwu umanena ndi njira imene mtunda umathera, ndipo pa ulendo wa Fox panali mitunda iwiri. Wa msewu udatsala. Wa ndalama udatha iye akadali moyo. Pamene ankaima anali atapeza madola 1.7 miliyoni. Patangotha sabata, wailesi yakanema ya CTV idachita pulogalamu yopempha thandizo imene idasonkhanitsa madola oposa 10 miliyoni, ndipo pofika Febuluwale 1981 ndalama zonse zidapitirira 24 miliyoni. Mu Seputembala 1981 anthu oposa 300,000 adathamanga pa Terry Fox Run yoyamba. Mwambowu umachitikabe chaka ndi chaka, makamaka m'masukulu, ndipo wasonkhanitsa madola a ku Canada oposa 800 miliyoni. Pamenepa mwambi wa tsokonombwe umakumana ndi uja wakuti mutu umodzi susenza denga: kudumpha kwa munthu mmodzi kudadzutsa anzake, mtunda n'kugawidwa.

Kafukufuku amene ndalamazo zimalipirira amayendanso mwa tsokonombwe, ndipo alimi a kuzambwe kwa Lilongwe sangadabwe nazo. Mbewu ya mtedza yochokera ku malo a kafukufuku a Chitedze isanafike m'manja mwa mlimi wa ku Nambuma imakhala itabzalidwa, kuyezedwa, kutayidwa ndi kusankhidwanso kwa nyengo zambiri. Mankhwala a khansa amadutsa njira yaitali kuposa pamenepo. Chitsanzo chapafupi ndi khansa ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba, imene m'Malawi muno ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa ana. Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, adalemba za matendawa mu 1958. Analibe makina apamwamba. Adatumiza makalata a mafunso ndi zithunzi ku zipatala za mu Africa, ndipo mu 1961 adayenda pagalimoto ndi anzake awiri kwa masabata pafupifupi khumi, kuyendera zipatala zoposa 50, Nyasaland ali momwemo, akufunsa funso limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona kuno? Atalemba mayankho pamapu adaona kuti matendawa amachuluka kumalo otentha ndi a chinyontho, komwenso malungo amavuta. Wasayansi wina, Anthony Epstein, adamva Burkitt akulankhula ku London n'kupempha tizidutswa ta zotupazo. Mu 1964, iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachilombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Padapezekanso kuti khansayi imamva mankhwala monga cyclophosphamide. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adatha zaka zambiri akufufuza muyeso wa mankhwala umene ungachize mwana wa kuno, amene kawirikawiri amafika ali wonyentchera, popanda mankhwalawo kumupweteka kuposa matenda. Aliyense mwa anthu amenewa adadumpha kamodzi n'kusiyira mnzake.

Khansa ya khomo la chiberekero ili ndi mbiri yofanana. Harald zur Hausen wa ku Germany adapeza mitundu iwiri yoopsa ya kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayi, mu 1983 ndi 1984, pamene anthu ambiri sankakhulupirira maganizo ake. Katemera woyamba adavomerezedwa mu 2006. Ku Malawi adayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 adayamba kuperekedwa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Kuchokera pa kupezeka kwa kachilomboko kufika pa mkono wa mtsikana wa pulayimale ku Mpingu padadutsa zaka zoposa 35. Ndi nthawi yaitali mopweteka, poganizira kuti Malawi ali m'gulu la maiko amene khansayi imapha amayi ambiri padziko lonse: chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Wophunzira wa pa Namitete Secondary School kapena Namitete Technical College amene angafune kuchita zonga za Fox sayambira pachabe. Kusonkha ndi miyendo n'kodziwika kale kuno: mipingo ndi masukulu amachita big walk pofuna kumanga tchalitchi kapena kugula madesiki, ndipo mumzinda wa Lilongwe mumachitika mpikisano wa Be More Race wa makilomita 21. Chimene marathoni imawonjezera ndi kukonzekera kwa miyezi ingapo. Thupi silivomera makilomita 42 mwadzidzidzi. Wothamanga amayamba ndi atatu kapena asanu m'mamawa, m'tinjira tafumbi ta m'minda momwe mawondo savutika ngati pa tala, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse, masiku ena akupumula. Nsapato za pakaunjika zimagwira ntchito malinga zikhale zomukwana ndiponso atazizolowera. Madzi akumwa ayenera kupezeka m'njira, ndipo miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ndi yabwino kuposa dzuwa la Okutobala. Wopupuluma amavulala m'sabata zoyamba n'kusiya.

Masamu a ndalama zake ndi osavuta. Munthu mmodzi akalonjeza K500 pa kilomita iliyonse, pa makilomita 42 apereka K21,000. Anthu 100 otere apereka K2,100,000. Wogulitsa tomato pamsika sangakwanitse zimenezo, koma K200 yake ilembedwe m'kaundula momwemo ndi dzina lake, chifukwa mphamvu ya msonkhamsonkha wotere ili m'kuchuluka kwa manja. Achibale a kutauni ndi a ku Joni amatumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki. Gawo lovuta kwambiri ndi chikhulupiriro. Anthu adapsapo ndi zopereka zosaoneka mutu wake, choncho ndalama zisasungidwe m'thumba mwa wothamangayo. Pafunika komiti yokhala ndi msungichuma, kalata ya aphunzitsi aakulu, chilolezo cha mfumu ndi cha apolisi ngati adzagwiritsa ntchito msewu waukulu, komanso kuwerenga poyera zimene zalowa ndi kumene zapita. Kopita ndalamazo kudziwike wothamanga asanavale nsapato. Kafukufuku wa khansa m'dziko muno amachitika m'malo monga Kamuzu University of Health Sciences, chipatala cha Queen Elizabeth, ndi chipatala cha Kamuzu Central komwe kuli National Cancer Centre ndi bungwe la UNC Project. Mamiliyoni awiri a kwacha sangagule makina, koma si ochepa. Kafukufuku wa ku Blantyre adaonetsa kuti chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene ana amasiyira mankhwala panjira ndi kusowa ndalama ya thiransipoti ndi chakudya cha gadiyani, ndipo zimenezi ndalama yotere ingazikwanitse.

Wodwala khansa mwini wake ndiye amaufuna mwambiwu kuposa wothamanga. Mankhwala a khansa amaperekedwa m'magawo otalikirana masiku kapena masabata. Gawo lililonse limabwera ndi nseru, kufooka ndi kuthothoka kwa tsitsi. Mayi wa ku Kabudula amene mwana wake akulandira mankhwala ku Kamuzu Central amasiya munda nthawi yopalira, amagulitsa nkhuku kapena ndowa ya chimanga kuti akwere kabaza ndi minibasi, amagona pansi pafupi ndi bedi la mwana. Chotupa chikaphwa pambuyo pa gawo loyamba kapena lachiwiri, mwana n'kuyamba kusewera, mtima umamuuza kuti basi wachira. Imeneyo ndi nthawi yoopsa, chifukwa khansa yosamalizidwa imabwerera ili yovuta kuchiza. Namwino kapena mlamu wake akamuuza kuti, "Mayi, pitaninso, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha," mwambiwo wagwera pamalo pake penipeni.

Pali malo amodzi pamene mwambiwu umapotozedwa, ndipo kupotozako kumapha. Munthu akaona chotupa kapena chizindikiro chachilendo, ena amamuuza kuti adekhe, zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ayambe wayesa zitsamba, adikire agulitse fodya. Tsokonombwe wa m'mwambi akuyenda, ndipo wokhala pakhomo ndi chotupa sadayambe n'komwe ulendo. Chotupa cha ana chimene Burkitt adafufuza chija chimatha kukula kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri, motero sabata imodzi yodikira ndi yaikulu. Kutupa kwa nsagwada, diso kapena mimba mwa mwana, kutaya magazi kwa mayi kosagwirizana ndi msambo kapena atasiya kale kusamba, chotupa cha m'bere, chakudya kukanirira pammero, zigamba zakuda zotupa pamiyendo kapena m'kamwa, ululu wa fupa wosatha ngati umene Fox adaumva pabondo, zonsezi ndi zofunika kuonedwa kuchipatala mwamsanga. Khomo la chiberekero amaliyeza ndi viniga m'mphindi zochepa, ndipo zizindikiro zoyambirira zikapezeka zimatha kuthetsedwa zisanasanduke khansa, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Anthu a kuzambwe kwa Lilongwe amayambira pa zipatala zazing'ono za kwawo, pa chipatala cha Kabudula, kapena pa St Gabriel's ku Namitete, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg adachitsegula mu 1959 ndipo chimasamaliranso odwala amene matenda awo afika posachizika, powachepetsera ululu. Ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ndi kalata ku Kamuzu Central.